Dontho pa Chala cha Nayra

Namwino Zenaida anabaya chala cha mwana wanga
pa kachipatala ka ku Ayaviri.
Dontho limodzi, lofiira mwamanyazi.
Kamakina kanaphethira, n'kulemba nambala.
Sanandikalipire. Anangofunsa:
"Bambo Ccalla, dzulo Nayra anadya chiyani?"

Ndinawerenga ndi zala, monyadira:
mbatatesi m'mawa, mbatatesi masana,
madzulo msuzi wa mbatatesi zija timayanika pachisanu
n'kuzipondaponda ndi mapazi kuti zisawole.
Chichokere mayi wake kukagwira ntchito ku Arequipa,
ndinatero, mwanayu sanagonepo ndi njala.

"Mimba ikukhuta," anatero iye,
"koma magazi akugona ndi njala."

Anasuzumira pawindo
pomwe ndinaimika njinga yanga yamoto ya mawilo atatu.
"Mumangothiramo petulo basi?
Nanga oyilo? Nanga tayala likaperepeseka?"
Mbatatesi ndi petulo, anati, zimayendetsa thupi,
koma pomanga mnofu pafunika mapuloteni:
dzira, kinuwa, nyemba, nsomba ya mumtsinje.
Tchizi chiumitse mafupa ndi mano akuturukawa.
Kachidutswa ka peyala, kuti mafuta ake
anyamule vitamini wa mu karoti kukafika naye kumaso.
Mchere muzigula wa ayodini,
khosi lisatupe, nzeru zisawodzere.

Kenaka anatsitsa mawu.
"Chasowa kwambiri ndi ayironi."
Ine ndinaganiza za misomali.
Anaseka, n'kunena kuti ndiye mtengatenga wa mpweya m'magazi,
ndipo kuno kumtunda, kumene mpweya ndi wopyapyala kale,
mwana wosowa ayironi amatopa asanasewere.
Ndinakumbukira Nayra atatsamira khoma,
anzake akuthamangitsa nkhosa,
ine ndikumuyamikira kuti ndi mwana wofatsa.

Tsiku la msika ndinapita kwa mayi Hermelinda
amene amapha nkhosa kusanache.
Anandipatsa magazi m'botolo ndi chiwindi chachikulu ngati chikhatho,
osandifunsa kanthu.
Abambo ambiri, ndikuganiza, aimapo pamenepo
akukanda m'mutu ngati ine.

Ndinakazinga uwende ndi anyezi.
Nayra anaununkhiza, anaulawa,
n'kuulavulira pa nsapato yanga.
Tsiku lachiwiri anatseka pakamwa ngati chitseko cha banki.
Lachitatu anandiyang'anitsitsa,
nandikankhira supuni: yambani ndinu.
Ine amene ndinadana nawo uwende kuyambira ndili mwana
ndinameza, misozi ili lengelenge,
ndikunama kuti ndi utsi.
Anadya masupuni awiri. Ndinawerenga.

Lalanje pambali, anatero namwino,
limatsegulira ayironi khomo,
pomwe tiyi amamutsekera panja.
Choncho ketulo yathu inaphunzira kudikira,
ndipo madontho a mankhwala aja, owawa ngati dzimbiri,
ndinkawaperekeza ndi madzi a lalanje
ndi nyimbo yomwe sindingaimbe pagulu.

Si masiku onse ndinakwanitsa.
Pali sabata imene mvula inathamangitsa okwera,
mthumba munalowa mphepo,
tinabwerera ku mbatatesi zathu, zokhulupirika ngati galu.
Koma tsopano ndinkadziwa chimene chikusowa m'mbale,
ndipo kudziwako kunkandilawiritsa m'mamawa.

Itatha miyezi itatu, chala chomwecho,
kamakina komweko.
Zenaida sananene kanthu, anangotembenuza kuti ndione.
Sindidziwa bwino za manambala a magazi,
koma ndimadziwa mtengo ukakwera,
ndipo uwu unali woyamba kundikondweretsa.

Usiku mayi wake anaimba foni.
"Phokoso limenelo n'chiyani?"
Ndi mwana wako, ndinati.
Wagwetsa ndowa, wathamangitsa nkhuku mpaka kwa aneba,
wang'amba kabudula pa waya wa mpanda.
Sakufatsanso.

Kunali zii kwa kanthawi.
Kenaka anafunsa: "Nanga iweyo, wadya chiyani lero?"
Ndinayang'ana m'mbale mwanga.
Mbatatesi zinayi ndi kapu ya tiyi.